Msika wa Zinthu Zakale ku Brussels

Pa misika yambiri munthu amafuna chinthu chatsopano. Mayi wogula mphika amaugogoda ndi chala kuti amve ngati uli ndi mng'alu, ndipo mnyamata wogula njinga amayang'anitsitsa matayala kuti aone ngati sanayendepo. Chinthu chikakalamba mtengo wake umatsika, kufikira tsiku limene mwini wake achitaya kudzala. Akuluakulu anati, tsobola wakale sawawa. Koma m'mizinda ina ya ku Ulaya muli misika imene mwambi umenewu ulibe mphamvu. Kumeneko mpando wa zaka 200 ukhoza kuposa mtengo wa mipando khumi yatsopano, ndipo anthu amachokera kutali kudzafuna mbale zimene eni ake anamwalira kalekale. Umodzi wa misika yotere uli mumzinda wa Brussels, likulu la dziko la Belgium. Umachitika Loweruka ndi Lamulungu pa bwalo lotchedwa Grand Sablon.

Bwalo la pamchenga

Mumzinda wa Brussels zikwangwani za m'misewu zimalembedwa m'zinenero ziwiri, Chifalansa ndi Chidatchi. Motero bwaloli lili ndi maina awiri, Grand Sablon ndi Grote Zavel, ndipo onse awiri amanena za mchenga. Kale malowa anali kunja kwa linga loyamba la mzinda, pamene panali mchenga ndi dambo. M'chaka cha 1304 gulu la anthu oponya mivi linapatsidwa malo kuti limangepo kanyumba kopemphereramo. Patapita zaka, kanyumbako kanalowedwa m'malo ndi tchalitchi chachikulu cha miyala chotchedwa Notre-Dame du Sablon, chimene chaimirira kumtunda kwa bwalo kufikira lero.

Malonda pa bwaloli sanayambe dzulo. Kuyambira 1320 kufikira 1754 anthu anali kugulitsapo akavalo. Pakati pa bwalo pali kasupe womangidwa bwino, wokhala ndi chifanizo chosema cha mwala. Kasupeyo anaimikidwa mu 1751 ndi ndalama zimene anasiya Mngelezi wina, Thomas Bruce, amene anathawa kwawo chifukwa cha ndale nakhala ku Brussels zaka zambiri. Anafuna kuthokoza anthu a mumzindawo chifukwa anamsunga ali mlendo.

Msika wa zinthu zakale unayamba mu 1960. Ogulitsa amamanga timisasa ta nsalu zofiira ndi zobiriwira pafupi ndi khoma la tchalitchi, naika katundu wawo pa matebulo. Kuzungulira bwalo kuli masitolo ena a zinthu zakale, nyumba zodyeramo, ndi masitolo a chokoleti ndi makeke. Imodzi mwa sitolozo, ya Wittamer, inatsegulidwa mu 1910.

Mmisiri afika pa msika

M'mwezi wa May, chaka cha 2023, pa msikawu panafika mkulu wina wochokera m'boma la Dedza. Mkuluyu anali mmisiri wa matabwa, ndipo anagwira ntchitoyo zaka zoposa makumi anayi kufikira maso ake anayamba kuchita chidima. Anapita ku Brussels kukacheza kwa mwana wake wamkazi amene anali namwino kumeneko. Tsiku limenelo anatsagana ndi mwana wakeyo pamodzi ndi mdzukulu wake, mnyamata wa zaka khumi wobadwira konko.

Mkuluyo anali ndi nkhani imene inali kumsowetsa tulo. Kumudzi, m'bokosi la pansi pa kama, anali kusunga zinthu zitatu zimene anamsiyira malume ake: mtsamiro wosema, khasu lachikale la chitsulo chosungunula m'ng'anjo, ndi kankhwangwa kokongoletsedwa ndi waya wamkuwa. Asananyamuke, kunabwera munthu wina wogula ziboliboli, amene anati adzapereka ndalama zambiri akampatsa zinthuzo. Nyumba ya mlongo wake wa mkuluyo inali kudontha, ndipo ana a mlongoyo anati ndalamazo zigule malata. Iye, pokhala mwini mbumba, anayenera kupereka yankho akabwerera. Mwana wake anadziwa zimenezi, ndipo nchifukwa chake anamtengera ku msika kuti akaone yekha kumene zinthu zotere zimathera.

Chinthu choyamba chimene mkuluyo anaimapo chinali bokosi lalikulu la mtengo wolimba wotchedwa oak, umene kwa Azungu uli monga mlombwa kapena mbawa. Anapempha chilolezo, natsegula chivindikiro, nayendetsa dzanja m'kati mwake. Anamva timizere tosalingana timene puleni ya pamanja imasiya. Anayang'ana m'ngodya naona kuti matabwa analumikizidwa ndi mano olowana ndi zikhomo zamtengo, popanda msomali wa kusitolo. Manowo sanali ofanana kukula kwake, pakuti anadulidwa ndi sowo ndi tchizulo, osati ndi makina.

"Amene anapanga bokosi ili sanali kuthamangira kwina," anatero mkuluyo. "Taona, mwana wanga, ngakhale kumbuyo kumene sikuoneka anakusalaza."

Wogulitsa anafunsa chimene mkuluyo ananena, ndipo namwinoyo anamasulira m'Chifalansa. Wogulitsayo anakondwa, nati ogula ambiri amayang'ana kunja kokha. Anafotokoza kuti pa malonda awa chinthu chimatchedwa chakale ndithu chikapitirira zaka 100. Anasonyezanso timabowo ta tizilombo todya mtengo, nati anthu achinyengo amaboola okha timabowo totere ndi kachitsulo kuti mpando watsopano uoneke wokalamba. Koma kachilombo kamayenda mokhotakhota m'kati mwa thabwa, pamene kachitsulo kamalowa mowongoka. Mkuluyo anagwedeza mutu, pakuti zimenezi anazidziwa kale.

Zizindikiro zazing'ono

Pa tebulo lina panali masupuni ndi mafoloko a siliva, ndi matambula a galasi lolemera lowala ngati madzi a pamwala. Ambiri a matambulawo anapangidwa ku fakitale ya Val Saint Lambert, imene inayamba mu 1826 ku Seraing, pafupi ndi mzinda wa Liège. Mayi wogulitsa anali ndi kagalasi kokuza zinthu kolendewera m'khosi. Anatembenuza supuni imodzi nasonyeza mnyamatayo kachizindikiro kakang'ono kuposa njere ya mapira. Pa siliva wa ku Mangalande amadindapo kamkango koyenda, kusonyeza kuti mwa magawo 1,000 a chitsulocho, 925 ndi siliva weniweni. Pa siliva wambiri wa ku Belgium ndi ku Germany pamalembedwa 800. Supuni ina ikhoza kunyezimira koposa zonse, koma ikakhala yopanda chizindikiro chotere kawirikawiri ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi siliva pamwamba pokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa msika umenewu munthu wodekha, wowerenga timalemba ndi timanambala, ndiye amene sanyengedwa.

Atapitirira pang'ono, namwinoyo anaseka. Pa tebulo panali nsimbi ya makala, nyali ya galasi ya palafini, ndi makina osokera a Singer opukusa ndi dzanja.

"Bambo, taonani! Si nsimbi ija amasitira amayi kumudzi?"

Inalidi yofanana nayo, ya katambala pamwamba potsekera. Wogulitsa anati anthu amaigula kuti aiike pa shelefu, kapena aikemo maluwa ouma. Mnyamatayo sanadziwe ntchito yake, ndipo agogo ake anamfotokozera mmene amaikiramo makala, ndi mmene amaigwedezera uku ndi uku kuti moto uyake. Apa mkuluyo anaona kuti ukale wa chinthu suwerengedwa ndi zaka zokha. Chinthu chimene chapuma ntchito m'dziko lina chikhoza kukhala chikugwirabe ntchito m'dziko linzake.

Kumene katunduyu achokera

Munthu akhoza kufunsa kuti, kodi ogulitsa amazipeza kuti zinthu zonsezi? Zambiri zimachokera m'nyumba za anthu omwalira. Ku Ulaya nkhalamba zambiri zimakhala zokha, ndipo ana awo ali ndi nyumba zawo zodzaza kale ndi katundu. Nkhalamba ikamwalira, ana amasankha zochepa zimene afuna, ndipo zotsala amaitanira anthu amene ntchito yawo ndi kukhuthula m'nyumba. Zinthu za mtengo wapatali zimapita kokagulitsa mopikisana mitengo. Zina zimatsikira ku bwalo lina la kumunsi kwa phiri, lotchedwa Place du Jeu de Balle, kumene kuli msika wa tsiku ndi tsiku kuyambira 1873. Kumeneko katundu amaunjikidwa pansi ndi m'makatoni monga kaunjika. Odziwa malonda amalawirira m'mamawa kukasankha zabwino, nazitsuka, nazikonza, nazikwezera ku Sablon kumene mtengo wake umakula.

Pa tebulo lina mkuluyo anapeza bokosi la nsapato lodzaza ndi zithunzi zakale zofiirira. Anatenga chimodzi. Panali mkwati ndi mkwatibwi ataima pakhomo la tchalitchi, ndi makolo awo kumbali. China chinali cha msilikali wachinyamata, mwina wa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene inasakaza dziko la Belgium kwambiri. China chinali cha khanda lovala zoyera. Anatembenuza zithunzizo chimodzichimodzi, koma kumbuyo kwake kunalibe dzina.

"Kodi anthu awa analibe abale?" anafunsa.

"Anali nawo, bambo," anayankha mwana wake. "Koma amene anali kudziwa maina awo anamwaliranso. Adzukulu akapeza chithunzi cha munthu wosamdziwa, amachiyesa pepala chabe."

Mkuluyo anabwezera zithunzizo m'bokosi mosamala, monga munthu wofunditsa mwana. Kwa kanthawi sanayankhule. Anakumbukira mmene abale amakhalira pansi maliro atatha, nagawana katundu wa malemu, aliyense podziwa kuti chipewa ichi chinali cha uje, mpando uwu unali wa uje. Koma anakumbukiranso kuti iye mwini anali ndi zithunzi m'sutikesi zimene ana ake sakanatha kutchula eni ake.

Tebulo la zinthu za ku Afirika

Chakumapeto kwa mzere kunali msasa wa zinthu za ku Afirika. Panali mipando yosema, mipeni, mikanda, zisakasa, ndi ziboliboli za mitundu ya Aluba, Akuba, Asongye ndi Apende a ku Congo. Si chinthu chodabwitsa kuzipeza ku Brussels. Kuyambira 1885 dziko la Congo linali m'manja mwa Mfumu Leopold II ya ku Belgium monga chuma chakechake, ndipo anthu ambiri anazunzidwa ndi kuphedwa pa ntchito yokakamiza yosonkhanitsa mphira. Mu 1908 boma la Belgium linatenga dzikolo, nililamulira kufikira pa 30 June 1960, chaka chomwecho chimene msika wa ku Sablon unayamba. Pa zaka zonsezo asilikali, akuluakulu a boma, amishoni ndi amalonda anali kubwerera kwawo ndi mabokosi a zinthu. Zina anagula, zina anapatsidwa, ndipo zina analanda pa nkhondo. Zambiri zinapita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Tervuren, kunja kwa Brussels, imene nyumba yake yaikulu inatsegulidwa mu 1910. Zina zinatsala m'mabanja, ndipo ndi zimene zimatulukira pa misika adzukulu akamakhuthula m'nyumba. Nchifukwa chake misewu yozungulira Sablon ili ndi masitolo ambiri a zosemasema za ku Afirika.

Wogulitsa pa msasawu anali bambo wa imvi. Anapatsa mnyamatayo chitsulo chofiirira cholemera, chopangidwa ngati mtanda, kuti achinyamule. Unali mtanda wamkuwa wa ku Katanga. Kale amisiri anali kusungunula mkuwa nauthira m'chikombole, ndipo mitanda yotere inali ngati ndalama zogulira katundu ndi kuperekera chuma cha ukwati. Inayenda kutali ndi kumene inapangidwa. Mu 1960, ku Ingombe Ilede m'dziko la Zambia, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anthu okumba anapeza manda akale okhala ndi mitanda yamkuwa, mikanda yagolide ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja. Zimenezi zisonyeza kuti makolo a anthu a pakati pa Afirika anali pa malonda akutali kale Azungu asanakhazikike m'maiko awo.

Mkuluyo anafunsa chifukwa chake panalibe zinthu za minyanga ya njovu. Wogulitsa anati masiku ano malamulo ndi olimba. Kale doko la Antwerp linali msika waukulu wa minyanga yochokera ku Congo, imene anali kupangira makiyi a piyano, zipeso ndi zidole. Njovu zitachepa, maiko anagwirizana mu 1989 kuletsa malonda a minyanga pakati pa dziko ndi dziko, ndipo mu 2022 maiko a mu European Union anaonjeza kulimbitsa lamulo lawo. Iye anati safuna milandu, choncho anasiya kugwira minyanga.

Pamene anali kuyankhula, maso a mkuluyo anagwa pa chinthu china chopachikidwa pa mtengo wa msasa. Chinali chigoba chofiira cha nkhope ya munthu, cha tsitsi la khonje. Mtima wake unagunda. Mwana wake wamkazi anachionanso, nayang'ana kumbali monga anaphunzitsidwa ali mtsikana. Wogulitsa anati chinachokera ku Malawi kapena kummawa kwa Zambia, kwa Achewa.

Gule Wamkulu ndi wodziwika kutali tsopano. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse a pa dziko lapansi, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ku Mua, m'boma lomwelo la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kuli nyumba yosungiramo zigoba mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake. Komabe zambiri za gule ndi za kudambwe, ndipo sizinenedwa pamsika. Chilombo chilichonse chili ndi dzina lake, nyimbo yake, kaimbidwe kake ka ng'oma, ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Mkuluyo anadziwa dzina la chimene anaona, koma sanalitchule.

Anapempha kuti achione pafupi. Anachitembenuza, nayang'ana m'kati mwake ndi maso a mmisiri, nachinunkhiza. Anaona kuti mtengo wake unali wosapyapyala bwino, ndipo unanunkha utsi ndi polishi ya nsapato. Chinali chosemedwa kuti chigulitsidwe kwa alendo, nachiyanika pa tsindwi la khitchini kuti chide. Sichinafikepo pabwalo la gule. Pamenepo mtima wa mkuluyo unakhala pansi, pakuti anaopa kuti chinabedwa kudambwe.

Wogulitsayo sanabise. Anati iyenso anaganiza kuti sichinali chakale, ndipo nchifukwa chake mtengo wake unali wochepa. Anati zinthu zenizeni zili m'masitolo a m'misewu yapafupi, kuseri kwa magalasi, ndipo zina mtengo wake uposa wa galimoto.

"Chimene chimakweza mtengo nchiyani?" anafunsa mkuluyo kudzera mwa mwana wake.

"Ndi mapepala," anayankha wogulitsa. "Wogula amafuna kudziwa mbiri ya chinthu: anachitenga ndani, chaka chanji, chinakhala m'nyumba ya yani, chinalembedwa m'buku liti. Chinthu chopanda mbiri ndi mtengo wosema chabe."

Anatulutsa buku lalikulu la zithunzi nawasonyeza. Pansi pa chithunzi chilichonse panalembedwa mtundu wa anthu, dziko, ndi maina a Azungu amene anasunga chinthucho motsatizana. Mkuluyo anauza mwana wake kuti amwerengere dzina la mmisiri amene anasema. Namwinoyo anayang'ana tsamba limenelo, ndi lina, ndi linanso.

"Palibe, bambo. Sanalembe."

Nkhani ya zinthu zimenezi ikukambidwabe pakati pa maboma. Mu February 2022 boma la Belgium linapereka ku boma la Congo mndandanda wa zinthu pafupifupi 84,000 za ku Tervuren, kuti afufuze mmene chilichonse chinachokera kwawo. Mu June chaka chomwecho Mfumu Philippe inapita ku Kinshasa, nipereka chigoba chachikulu cha anthu a mtundu wa Asuku ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya kumeneko. Nyumba ya malamulo ya Belgium inakhazikitsanso lamulo lolola kubweza zinthu zimene zinatengedwa mwa chiwawa. Koma lamulolo likhudza zinthu za m'manja mwa boma. Chinthu chimene mwini wake anagulitsa yekha, nichilowa m'nyumba ya munthu wamba kutsidya la nyanja, nchovuta kuchionanso.

Kobiri la bowo

Dzuwa litafika pamutu anafika pa tebulo la ndalama zakale. Panali mafaranga a ku Belgium, amene anasiya kugwira ntchito mu 2002 pamene ndalama ya euro inalowa, ndi mbale yodzaza makobiri a maiko osiyanasiyana. Mnyamatayo anali kuvundula m'mbalemo, ndipo anatola kobiri lofiirira la bowo pakati.

"Agogo, taonani, pali njovu ziwiri!"

Mkuluyo analitenga, nalisendeza pafupi ndi maso ake. Kenaka anauza mdzukulu wake kuti awerenge malemba ake. Mnyamatayo anawerenga pang'onopang'ono kuti Rhodesia and Nyasaland, ndi chaka cha 1957. Linali kobiri la nthawi ya Chitaganya, chimene chinayamba mu 1953 nichitha pa 31 December 1963. Makobiri khumi ndi awiri anali kupanga sheleni imodzi, ndipo masheleni makumi awiri anali paundi. Ndalama za kwacha ndi tambala zinabwera ku Malawi mu 1971.

Mkuluyo anasimbira mdzukulu wake kuti amayi ake anali kutunga makobiri otere pa chingwe ndi kumanga m'chiuno popita ku msika, kuopa kuti angataike. Anasimba za tiki, kandalama kakang'ono koyera ka makobiri atatu, kamene kanali kusowa msanga kakagwa mumchenga. Anasimbanso kuti anthu ambiri sanachifune Chitaganyacho, ndipo mu 1959 ambiri anamangidwa ndipo ena anaphedwa pochikana. Mnyamatayo anamvetsera ali chilili, kobiri lili m'manja. Mayi wogulitsa anamvetseranso, ngakhale sanamve chinenero chake.

Pa msikawu kunenerera mtengo nkololedwa, koma mwaulemu ndi mosakweza mawu. Namwinoyo ananenerera pang'ono, ndipo anagula kobirilo ndi mayuro awiri. Mayiyo anafunafuna m'mbale napeza kanzake kakang'ono, ka theka la kobiri, kokhala ndi akadyansonga awiri, napatsa mnyamatayo kwaulere. Mkuluyo anaseka nati, "Kani basela aliko ndi ku Ulaya komwe."

Mawu a pamakwerero

Atatopa anakhala pansi pafupi ndi khomo la tchalitchi. Mkuluyo anayamba kunena za zinthu zitatu za m'bokosi lake. Anati khasulo linasulidwa ndi agogo a malume ake, amene anali ndi ng'anjo m'mphepete mwa phiri, ndipo anatchula dzina lawo ndi mfunda wawo. Anati mtsamirowo unasemedwa ndi munthu wamanzere, ndipo zimenezi zimaoneka pa mikwasa ya kasemasema. Anati kankhwangwako sikanali kodulira mitengo, koma kogwira m'manja pa milandu ndi pa maliro a akuluakulu. Mwana wake anadabwa, pakuti zambiri mwa izi anali asanazimvepo.

"Munthu uja akazitenga," anatero mkuluyo, "zidzafika pa tebulo ngati lija. Adzalemba kuti Achewa, Malawi, ndi dzina la amene wazigula. Dzina la agogo lidzatsala panjira. Ndalama tidzadya miyezi iwiri, malata adzachita dzimbiri, ndipo mbumba idzatsala yopanda chogwira."

"Nanga denga la azakhali, bambo?"

Funso limeneli linali loona, ndipo mkuluyo sanalipeputse. Mvula siyembekeza mbiri ya makolo. Anakambirana nthawi yaitali. Namwinoyo anati adzatumiza ndalama za theka la malata mwezi ukatha. Mkuluyo anati ali ndi matabwa a mlombwa amene anasunga, ndipo ngakhale maso achepa mphamvu, manja akadali kudziwa kupanga zitseko ziwiri kapena zitatu zogulitsa. Anatinso sadzalamula yekha, koma adzaitana mbumba yonse, natulutsa zinthuzo pamphasa, nafotokoza zimene anaona. Anadziwa kuti ena adzadandaula, nati nkhalamba ikukonda chitsulo cha dzimbiri koposa anthu amoyo. Anakonzeka kumva mawu amenewo.

Madzulo a tsiku lomwelo anagula kope. Agogo anali kunena, mayi anali kulemba m'Chichewa, ndipo mnyamata anali kufunsa mafunso. Analemba dzina la chinthu chilichonse, amene anachipanga, mudzi wake, ntchito yake, ndi anthu amene anachisunga kufikira lero.

Zoyenera kukumbukira

Msika wa ku Sablon ndi malo okondweretsa kuyendamo, ndipo ogulitsa ambiri ndi anthu odziwa ntchito yawo, amene amapulumutsa zinthu zabwino kuti zisatayidwe. Koma mlendo wopenya bwino amaphunzirapo kuti chinthu chimakhalitsa kuposa chikumbumtima cha anthu. Bokosi la oak likhoza kukhala zaka 300, pamene dzina la mmisiri wake limaiwalika pa mibadwo itatu.

M'midzi yambiri muli zinthu zotere zimene eni ake saziwerengera: mipando ya mafumu, zipande zosema, mikanda ya agogo, mamendulo a asilikali a King's African Rifles, makalata ndi zithunzi. Adani ake ndi chiswe, chinyezi, moto, ndi munthu wobwera ndi ndalama pa nthawi ya njala. Nkwabwino kuziika pamalo ouma, pamwamba, ndi kuziyang'ana kawirikawiri. Nkwabwino koposa kufunsa akuluakulu akali moyo, ndi kulemba mayankho awo. Kumbuyo kwa chithunzi kulembedwe ndi pensulo dzina la munthu, mudzi ndi chaka. Banja limene silingathe kusunga chinthu chake likhoza kufunsa nzeru ku nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga ya ku Chichiri mu Blantyre kapena ya ku Livingstone m'Zambia. Ndiponso maiko onse awiriwa ali ndi malamulo oletsa kutulutsa zinthu za makolo kunja kwa dziko popanda chilolezo cha boma, kotero kuti wogulitsa mobisa akhoza kugwa m'mlandu pamodzi ndi wogula.

Mwini chinthu ali ndi ufulu wosankha, ndipo umphawi suchititsa manyazi. Koma asanalandire ndalama, ayambe wakhala pansi ndi abale ake, nafunsa kuti chinthucho anapanga ndani, ndipo mwana wa mawa adzachipeza kuti akadzachifuna.